Moni wa Masekondi Khumi

Usiku uno pachipatala cha Mchinji
ndikuphunzitsa maswichi kupatsana moni.

Kale njira ndinkazilemba ndekha, imodziimodzi.
Khasu litadula waya ku Kamwendo
zotsatira za magazi zinagona panjira masiku atatu.

Lero ndawalembera mwambo, zala zili zii ndi chisanu:
muuze mnansi njira zonse zimene ukudziwa,
pakatha masekondi khumi mfunse, "Ulipo?"
Akakhala duu kanayi konse, mlambalale,
podzera sipasowa.

Ndazula waya dala.
Kanyali kaphethira, kasinkha,
uthenga wakhotera kuwodi ya ana, wafika.

Ine ndi achimwene a Dzikolidaya ku Mkanda
chaka chachitatu chino osalonjerana.
Foni ili m'thumbamu.
Podzera pena sindinapapeze.