Makumi Awiri Awiri

Malaiti anabwera pakati pa usiku ku Mchini.
Ndinadzuka ngati wakuba,
n'kutsegula laputopu ya mlamu wanga
ija batani lake limodzi limafuna kulipondereza ndi chikhadabo.
Masana wapampando wa kopaletivu anali atandigwira paphewa:
"Gelesomu, iwe unapita kukoleji.
Tipangire kanthu koyankha kokha pafoni,
munthu akalemba kuti mndandanda,
kamutumizire maina a olandira feteleza."

Maina zana limodzi, makumi anayi ndi atatu.
Poyamba ndinawatumiza onse pamodzi,
uthenga unatalika ngati msewu wa ku Lundazi,
mafoni a mabatani anaudula pakhosi.
Ndiye ndinati ndiwagawe,
makumi awiri, makumi awiri,
monga amayi a pamsika wa Kapata
aunjikira tomato m'milu yofanana
osafunsa kuti uyu anachokera kudimba la yani.

Kompyuta imayamba kuwerenga pa ziro.
Kwa iyo Aliness Chulu, woyamba pamndandanda,
ndi nambala yopanda kanthu.
Kuchoka pa ziro, werenga makumi awiri, dula.
Dumpha. Werenga. Dula.
Ndinagawa chiwerengero chonse ndi makumi awiri,
yankho linati kasanu ndi kawiri,
ndipo kanthu kena kanalendewera kumapeto
ngati ulusi pa malaya,
koma tulo tinali titandikwera, mabandulo akutha.
Ndinauza kaboti kanga: zungulira kasanu ndi kawiri, upume.
Kanamvera.
Sikadziwa kukana.

Mauthenga asanu ndi awiri anatuluka kusanache,
onse odzaza, osokedwa bwino pakamwa.
Wapampando anatumiza kachithunzi ka manja owomba.

Lachinayi amayi Lekesina Ziwa anafika pakhomo
kuchokera ku Chiparamba pa njinga yolipira,
fumbi mpaka m'nsidze,
lisiti yomangidwa pansonga ya chitenje.
Sanakhale pansi.
"Ndinalipira mu Julayi, pepala ndi ili.
Mwana wanga wandiwerengera mauthenga onse, kawiri.
Kodi ndinamwalira osadziwa?"

Ndinatsegula, iwo ali chilili kumbuyo kwanga.
Zimba. Ziwa. Zyambo.
Atatu, pamalo pomwe ndinawasiya Lolemba,
kuseri kwa mpeni womaliza.
Palibe amene anawafufuta,
palibenso amene anawada.
Mlandu wawo unali chilembo chomaliza,
chomwe chinawaika kumchira kusukulu,
kumchira pamzere wa mavoti,
ndipo tsopano kunja kwa mpanda
chifukwa sanakwane makumi awiri.

Kukonza kunali mzere umodzi wokha.
Usawerengeretu maulendo.
Yenda makumi awiri awiri mpaka maina athe,
ndipo mtolo womaliza, ungachepe bwanji, unyamule.
Ndinayesa ndi maina anayi, ndi dzina limodzi,
ndinayesa ndi mndandanda wopanda munthu,
zomwe ndikanachita usiku uja
ndikanakhala kuti sindinathamangire kuombedwa m'manja.

Minibasi ya ku Katete sinyamuka isanadzaze,
kondakitala amamenya chitseko mpaka dzuwa kupendeka.
Koma uthenga wachisanu ndi chitatu
unanyamuka ndi anthu atatu basi,
mipando ina yonse ili mbee,
ndipo foni ya amayi Ziwa inalira m'chikwama.

Anaitulutsa, anaitalikitsa ndi maso,
anapeza dzina lawo pakati pa awiriwo,
naliwerenga mokweza, ngati akuliyesa ngati likadali lawo.
Kenako anati:
"Anthu si mbasela, mwana wa a Daka.
Nanga makwacha makumi anayi a njinga,
kompyuta yakoyo ibweza?"

Ndinapisa m'thumba.
Munali pepala limodzi la makumi awiri.
Analandira, napinda kanayi.
Otsalawo anandiuza ndilembe m'kope,
ndi cholembera, iwo akuona.