Dontho Loyamba

Kwathu ku Ndirande, kuseri kwa Goliyo,
tambala ankalira amayi atayatsa kale moto,
mgolo uli pamafuwa, paipi itadutsa m'madzi ozizira,
botolo litayasama kukamwa kwake kwakung'ono.
Dontho. Kenaka lina.
Kuwerenga ndinaphunzirira pamenepo,
choko ndisanamugwire.

Ntchito yanga inali ya pampanda,
Lakisoni ali kumsana, maso ali kumsewu.
Ndikaona galimoto ya boma ndinkakuwa:
"Nkhuku zalowa m'dimba!"
chonsecho tinalibe dimba, tinalibe nkhuku.
Mabotolo ankathawira m'thumba la makala,
m'madeya, pansi pa matewera onyowa
omwe sajeni aliyense ankanyansidwa kuwakhudza.

Tsiku lina ndinatengeka ndi fulaye.
Anabwera wapansi, atavala ngati ogula.
"Mwini mgolowu ndani?"
Amayi anali ndi pakati potopa, miyendo itatupa.
Mayi aang'ono a Felesiya anapukuta manja pachitenje,
navala patapata mosafulumira.
"Ndine."
Miyezi inayi ku Chichiri.
Anabwerako ndi chifuwa chosamva mankhwala,
ndipo mpaka tsiku lomwe tinawaperekeza ku manda
sanandifunsepo kuti ndinali kuti.

Lamulungu, amayi a mvano ankasendera kumapeto a benchi,
kuopa kuti fungo la utsi lingawadetsere bulauzi.
Amayi ankangoimba nawo nyimbo, mawu osagwedera,
pakuti amuna awo onse anali m'kabuku kathu:
a Namakhwa, mavelemoti atatu, adzalipira pakutha pa mwezi;
a Chikaonda asiya wailesi;
a dikoni, musalembe dzina.

Bambo athu ananyamuka pa Wenela ndili m'kalasi yachitatu.
Anatumizako bulangete limodzi ndi chithunzi atavala chipewa.
Zotsalazo, yunifomu, nsapato, fizi,
ndalama ya mayeso ya fomu folo,
zonse zinatuluka m'paipi ija
pang'onopang'ono, usiku, anthu akugona.

Lero ndimavala zoyera ku Gulupu.
Wodwala asanatsegule pakamwa ndimakhala nditadziwa:
maso achikasu, mimba yolimba ngati ng'oma,
timiyendo ta bango.
Anzanga amagwira mphuno.
Ine fungolo limandikumbutsa msana wa amayi.

Sabata yatha, pabedi la pafupi ndi zenera,
ndinapeza Lakisoni, yemwe uja ndinkabereka,
yemwe ankanyambita zotsekera amayi akatembenuka
ife n'kumaseka kuti mwanayu ngochenjera.
Ankadziwa kusiyanitsa mutu ndi wam'mbuyo
asanamere ndevu.

Amayi amabwera m'mawa uliwonse ndi phala m'fulasiki,
minibasi ziwiri, ndalama yomanga pansonga ya chitenje.
Amakhala pansi, pasimenti, sakufuna mpando.
"Adokotala akuti n'chiyani?"
"Chiwindi, amayi."
Sanafunsenso.
Anayang'ana nsapato zanga zoyera nthawi yaitali
ngati akuwerengera mabotolo amene anazigula,
kenaka anayang'ana mapazi a mwana wawo
atasuzumira kunja kwa nsalu ya chipatala,
nawafunditsa.

Ndinkafuna kunena kuti si inu.
Ndinkafuna kunena kuti ndi inu.
M'malo mwake ndinakonza singano pamkono wa mlongo wanga,
ndinakweza thumba la madzi pachitsulo,
ndinatsegula pang'ono.

Kunja mvula inali itaphimba phiri la Soche.
Tonse awiri maso anali pakapaipi kaja,
milomo ya amayi ikugwedera mosatulutsa mawu.
Dontho.
Kenaka lina.