Mitu inayi ya letesi

Odile wa m'chipinda chapamwamba anagogoda Lachiwiri m'mawa,
nsapato zili matope okhaokha,
atafungatira mitu inayi ya letesi.
Akuti kutentha kwafika kale ku Villeurbanne,
sabata yamawa yonseyi ichita maluwa n'kuyamba kuwawa,
bola idyedwe ndi anthu.
Sanadikire n'komwe zikomo wanga.

Inayi! M'nyumba ya anthu awiri,
winayo n'kukhala Gaspard, wa zaka khumi ndi zisanu,
amene amati masamba ndi chakudya cha fulu.

Ndinadzaza sinki ndi madzi ozizira.
Tsamba limodzilimodzi, kuthyola ndi zala,
mpeni ayi, umasiya dzimbiri m'mphepete.
Mchenga wa m'dimba la Odile unamira pansi.
Kankhono kanakwera pampopi mosafulumira,
nyumba yake kumsana, yosalipira lendi.
Ndinakakasiya pakhonde, mumphika wa maluwa.

Madzi amene amadzutsa tsamba lofota
ndi omwewo amaliwoletsa.
Ndinadziwa izi mochedwa,
nditataya kangapo zonanda zonunkha kuchokera m'furiji.
Choncho ndinayala thawulo la mizere yofiira patebulo,
n'kugoneka masamba ngati zovala zochapa,
kuwapukuta mpaka kunsi kwa nthiti zawo,
kuwakulunga mosafinya,
n'kuwaika m'kabati ya pansi, kutali ndi maapozi,
pakuti maapozi amakalambitsa anzawo ndi mpweya chabe.

Lachitatu ndinadya ndekha. Lachinayi chimodzimodzi.
Gaspard anali ndi buledi wake ndi foni yake.

Lachisanu ndinatsika m'basi yomwe ndimayendetsa
teni koloko ya usiku itadutsa, msana uli gwa.
Ndili pamasitepe ndinamva chinthu chikukhutchumuka,
khutchu khutchu khutchu,
ngati wina akulimbana ndi botolo la mankhwala.

Ndi iyeyo, m'khitchini.
M'dzanja kabotolo ka masitadi kamene ndimati nditaye,
kotsala zomata m'mbali zokha.
Wathiramo viniga, mchere, adyo wosinja ndi kumsana kwa supuni,
mafuta a maolivi amene ndimasungira alendo.
Patebulo mbale ziwiri.
Pampando wanga pakhala mtsikana wa tsitsi lometa mbali imodzi.
"Uyu ndi Maëlle. Sadya nyama."
Anatero akuyang'ana pansi, makutu ali psu.

Sindinanene za fulu.
Ndinatenga mbale yachitatu.

Viniga anachuluka, n'zoona,
mpaka m'maso munalengeza misozi.
Ndikanamuuza: supuni imodzi ya chowawasa, zitatu za mafuta,
mchere uyambe wasungunuka,
ndipo usathire msanga, tsamba limagonja likakhalitsa m'mafuta.
Koma letesi wa masiku anayi analira pansi pa mano,
tswa, tswa,
ngati wangozulidwa kumene,
Maëlle anapukuta mbale yake ndi kachidutswa ka buledi,
ndipo mwana wanga anatafuna masamba
ndi nkhope ya munthu amene wakhala akuwadya chibadwire.

Watsala mutu umodzi m'thawulo.
Kabotolo sindinakatsuke, kali pakhomo la furiji,
mafuta akwera pamwamba, viniga wakhala pansi,
akudikira dzanja.
Mawa ndikwera kwa Odile kukamufunsa
ngati m'dimba mwatsala ina isanachite maluwa.
Kankhono kaja kadya theka la duwa langa.