Mtengo Wake

Anafika chipale chili m'mapewa,
Mitsue Karasawa, pa sitima ya m'mawa yochokera ku Nayoro,
atakumbatira phukusi ngati khanda lodwala.
Pa tebulo langa, kuseri kwa msika wa Asahikawa,
anamasula mfundo ziwiri za nsalu:
chimbalangondo chakuda bii, nsomba ili kukamwa,
khutu limodzi lobenthuka.

"Bambo ankati n'chamakedzana,
chosemedwa ndi mmisiri wotchuka nkhondo isanayambe.
Nyumba tikugulitsa Lachisanu.
Ndiuzeni mtengo wake."

Mtengo wake, mayi? Tiyambe ndi mtengo umene unadulidwa.
Ndinachinyamula: chopepuka ngati buledi wadzana.
Ndi shina ameneyu, wa m'mapiri athu omwewa,
wofewa mtima, wosakana mpeni
ngakhale wa munthu wongophunzira.

Ndinachinunkhiza kumimba.
Zaka zili ndi fungo lake:
malasha a mbaula, fodya wotchipa,
ndi kafungo ka polishi wa nsapato
kamene sikanandipusitsepo.
Kuda uku si kwa zaka zana ayi.
Wina anapaka ndi chala usiku umodzi,
utsi n'kudzamalizitsa ntchito pang'onopang'ono,
nyengo zachisanu makumi asanu, mwina kuposerapo.

Ndinachigadamitsa.
Amisiri a mayina amadinda kuphazi lakumbuyo,
safuna kuiwalika.
Apa kunali zii.

Mabowo a anankafumbwe analipo atatu.
Akathyali amaboola ndi msomali,
bowo loongoka ngati bodza lokonzekera;
kachilombo kamakhota, kamasintha maganizo m'kati.
Ndinalowetsa tsitsi langa laimvi. Linapindika.
Awa okha sananame.

Ndiye ndinayatsa nyale, galasi padiso,
kulondola ubweya kuchokera pakhosi.
Mpeni uliwonse umasiya mapazi,
ndipo awa ankayenda chobwerera,
kulowa kumene ena amatulukira.
Wosema anali wamanzere.
Analibe mphunzitsi:
mwendo wakumbuyo wafupika,
nsomba ikuoneka ngati silipasi,
maso ndi mitu ya timisomali tiwiri.
Koma taonani msana, mayi,
tsitsi lililonse palokhapalokha,
ntchito imene wogulitsa sangaitayire nthawi.
Ndipo pansi pa chibwano, pamene mpeni unaterereka,
dontho limene polishi analephera kubisa.
Ameneyu anadzicheka kwambiri,
n'kupitiriza.

Sanayankhe.
Kunja wina ankapala chipale ndi fosholo,
kwee, kwee, ngati akusema msewu.

"Ankadya ndi dzanja lamanja," anatero pomaliza,
"aphunzitsi anawamanga linalo ali mwana.
Koma apozi ankasenda ndi lamanzere,
khungu lonse limodzi, losaduka.
Chipsera cha pachala chachikulu
ankati chinali chitseko cha sitima.
Zaka makumi atatu akugwira ntchito ya njanji,
ndani akanatsutsa?"

Anaseka pang'ono, kuseka konyowa.
"Chaka chomwe ndinabadwa,
amayi anagona m'chipatala mpaka chipale kusungunuka.
Ndinkadabwa kuti usiku wonsewo ankatani."

Ndili ndi pepala limene ndimadzaza,
la mizere inayi.
Kochokera: Nayoro, pafupi ndi mbaula.
Zaka: zanu zomwe, mayi.
Mmisiri:
apa ananditenga cholembera,
nalemba yekha, mosafulumira,
dzina limene silili m'buku langa lililonse.

Mzere wachinayi unatsala.
Ndinanena zoona, poti ndiyo ntchito yanga:
sichingagule n'tikiti yomwe yobwerera.

Anagwedeza mutu, ngati wamva nkhani yabwino.
Anachikulunganso, mfundo imodzi yokha,
mutu uli kunja kwa nsalu
kuti chione njira.

Ndinatsala ndi fumbi lake m'zikhadabo
ndi tsitsi langa lopindika patebulo.
Madzulo ndinayesa kusenda apozi ndi dzanja lamanzere.
Khungu linaduka katatu.