Kutseka Chaka pa Vidiyo ya kwa Chikanda

Bolodi la pakhomo ndalipukuta ndi chiguduli chonyowa.
Lero kulibe filimu.
Ndalemba ndi choko mbali ziwiri, YOPAMBANA ndi YONYANSA,
ndakhala pa kreti
kudikira kuti mkangano uziyatsa wokha.

Wayamba ndi Ajibu wa kabaza,
thukuta la ku Matawale lisanaume pamphumi.
Akuti yopambana ndi ija ya mu Epulo,
ya mnyamata wa mpala amene anagwetsa anthu makumi anayi
ndi mpando umodzi, mpandowo osathyoka.
Che Saizi akalipentala aseka mpaka kutsamwa:
"Ndikhome mpando wotero ine,
ndidzadya chiyani chaka chamawa?
Ilembe uko kwa zonyansa."

Mwandida wa zibwente sanalowepo chaka chonse,
koma zonse anazimva kudzera m'ming'alu ya matabwa.
Kwa iye filimu yabwino ndi yaitali,
yoti anthu atuluke m'mimba mukulira.
Yoipa ndi ya maliro ambiri.
Anthu amadutsa pa beseni lake maso ali pansi,
ndalama zili phee m'thumba.

Namakhwa wa ku Chanko wakonza magalasi ake.
Akuikira kumbuyo ija anabwera nayo yekha,
ya mayi wotsuka mbale pawindo, mvula ikugwa,
mbale, mvula, mbale,
ola lathunthu popanda woponya ngakhale chibakera.
Akuti ili ndi tanthauzo lozama.
Kuzama kwake ndikukudziwa ine:
ndinabweza ndalama kwa anthu khumi ndi awiri.

Tiana tosuzumira pachibowo tavota ndi manja onse:
iliyonse imene galu sanafe.

Nanga inu eni ake? andifunsa.

Yonyansa ndilibe nayo chikaiko.
Ya mu Julayi, nthawi ya chiperoni,
pachikuto panali helikopita ndi ng'ona yotsegula kukamwa.
Tinadikira ng'ona mpaka mayina akukwera.
Wotanthauzira m'Chichewa naye inamutopetsa,
pamene awiri aja amalumbirirana chikondi
iye anali kupereka moni kwa alamu ake ku Limbe
ndi kutsatsa mankhwala a nsikidzi.

Yopambana...
apa choko chandithyokera m'manja.

Unali Okutobala, malata akuthetheka ndi kutentha.
Bambo wina amafunafuna mwana wake wamkazi
mu mzinda wozizira wa anthu osapatsana moni,
chithunzi chili m'manja, nsapato zitang'ambika.
Anakwera masitepe, anapeza chitseko chobiriwira,
anakweza dzanja kuti agogode,
magetsi thii.

Jenereta inalibe ngakhale dontho.
Ndinayembekeza mluzu ndi matukwano, monga mwa masiku onse,
koma palibe anasuntha pa benchi.
Mumdimamo Ajibu anati achimenye teche chitsekocho.
Wina anati mwanayo anasamuka kalekale.
Wina anati mkatimo muli apolisi.
Ndiye Che Saizi,
amene mwana wawo Asiyatu anakwera basi ya ku Joni
zaka zinayi zapitazo, foni yake n'kuleka kulira,
anayankhula motsitsa ngati akupempha ngongole:
"Atsegula. Tangodikirani, atsegula."

Tinadikira mpaka udzudzu wa ku Likangala unatibalalitsa.

Magetsi anabwera m'mawa mwake.
Filimuyo sindinaibwezeremo,
ngakhale ndili ndekha sindinaionere.
Kafulashi kake kali m'bokosi la machesi pamwamba pa sipika.
Ajibu wandinyengerera kawiri ndi ulendo waulere,
Namakhwa akuti ndikuphwanya ufulu wa oonera.
Che Saizi sanafunsepo.
Amangobwera Lachisanu lililonse,
kulipira, kukhala pafupi ndi khomo.

Mkangano wabwerera ku mpando wosathyoka uja.
Mwandida akuwerenga makobidi ake pa chitenje.
Mitambo yatsika kale kuchokera ku Chawe,
madontho oyamba akudya zilembo pa bolodi,
ndipo mbali ya YOPAMBANA
sindinalembepo kanthu.