Chipsera cha Zofewa

Choimikira ndinachigula mumsewu wa Condell
sabata yomwe bambo anagonekedwa m'chipatala:
chachitsulo, cha miyendo itatu,
manja ake atakutidwa ndi labala wofewa ngati tsaya la khanda.
Wogulitsa anati, finyani mayi, mumve nokha.
Ndinafinya. Ndinalipira osanenerera.

Gitala ya besi ija inali isanakhalepo ndi mpando.
Zaka makumi atatu ndi zinayi yakhala ikutsamira makoma,
kugona pa makatoni a mowa kuseri kwa mabala a kudoko,
kukwera masitepe a Cerro Barón pamsana pa mwini wake
usiku, chikepe atatseka.
Ndinati, puma tsopano, nawenso wakula.
Ndinaiimika pazenera
kuti iziona sitima zikulowa mu Valparaíso.

Miyezi isanu ndi iwiri osasuntha.
Dzuwa la Januwale linkaipeza masana aliwonse.
Tsiku lomwe ndinati ndiipukute fumbi
inakana kunyamuka,
kenako inamatuka, nyaa, ngati pulasitala pabondo.
Kukhosi, mizere iwiri yakuda, yonata.
Kumunsi, timaenje tiwiri pomwe inakhalira.

Mayi Eulalia Quiroz, m'shopu yawo yonunkha guluu ndi utuchi,
anakanda ndi chikhadabo, ananunkhiza, anapukusa mutu.
"Vanishi wakaleyu safa, amangogona.
Labala ali ndi mafuta ake omufewetsa,
amatuluka pang'onopang'ono ngati thukuta,
ndiye akagundana kwa nthawi, vanishi amadzuka n'kusungunuka.
Magitala ambiri a lero avala chikopa chokhuthala, samva kanthu.
Iyi khungu lake n'lopyapyala."

Ndinaloza pamwamba pomwe utoto unatheratu,
thabwa lili pamtunda, losalala ngati chigwiriro cha chitseko.
Nanga apa?
"Apo ndi mkono wa bambo anu.
Apo sindikhudza ngakhale mutandilipira."

Ndinakwera phiri wapansi, gitala kumsana,
ikundigunda m'chiuno sitepe iliyonse.
Ndinapeza a Nibaldo pomwe ndinawasiya,
pasofa, pakati pa mapilo asanu ndi limodzi,
bulangeti mpaka m'chibwano.
Dzana lomweli namwino anandionetsa
kamalo kofiira pachidendene chawo,
n'kundiuza motsitsa mawu, muziwatembenuza, muziwayendetsa.
Koma ine chibwerere chawo mawu anga ndi amodzi:
musadzuke, ndikutengerani,
musadzuke.

Ndinawaonetsa khosi lija, manyazi ali m'maso.
Anayendetsapo chala chachikulu cha kumanzere,
dzanja lomwe sitiroko inawasiyira,
kenako anaseka ndi theka la pakamwa.
"Inagwa m'lole ku Quilpué," anatero,
liwu lililonse akulikoka ngati nangula,
"koma sinavulale chonchi."

Analoza kabati.
Malaya oyera a thonje, aja ankaimba nawo Loweruka,
kolala itaperepeseka.
Ndinadula mikono yonse iwiri ndi sizasi ya kukhitchini,
ndinakulunga manja a choimikira katatukatatu,
ndinamanga ndi ulusi.
Sichinaonekenso cha m'sitolo.
Chinkaoneka ngati munthu wothyoka manja akudikira basi.

Nditati ndiikhazikepo, anakuwa. "Ayi. Kuno."
Anakankhira pilo mmodzi pansi, kenako wina.
Anadzikoka okha mpaka kukhala tsonga,
ndipo ndinaluma mlomo kuti ndisawagwire.

Gitala inakhala pamiyendo pawo, yolemera monga kale.
Chikhatho chinakuta zipsera zija ndendende,
chala chinapeza malo ake pa nsambo yaikulu.
Dzanja lamanja linangoti lende.
Anandiyang'ana.

Ndinagwada, ndinakoka nsambo ndi chala changa chosadziwa kanthu.
Popanda magetsi, popanda sipika,
liwu linatuluka laling'ono, lakuya,
ndinalimva m'mano kuposa m'makutu.
"Kachiwiri," anatero. "Usaiope. Koka zolimba."