Mtengo wa Kabaza

Pepala ndinaliona Lachiwiri,
atamata ndi phala pa khoma la chigayo ku Kaphatenga:
sewero, Loweruka, folo koloko, ku holo ya pa boma.
Matenda anga a zisudzo alibe mankhwala.
Bambo a kunyumba amati ukanakhala mowa
bwenzi atandituta kale kupita nane kwa abusa.

Loweruka ndinasiyira Felesiya benchi ya tomato,
ndinamuuza ayambe kugulitsa wofewayo.
Pa msewu ndinapeza mnyamata wa kabaza,
woonda ngati sipoko ya njinga yake yomweyo,
jumbo yakuda atamangirira kutsogolo.
Anatchula mtengo. Ndinaseka.
Ndinamutsitsa, nkumutsitsanso,
ndinamukumbutsa kuti ndalama satola pansi ngati masau,
mpaka anati, kwerani mayi, nanenso ndachedwa.

Salima wa mu Okutobala sanyengerera munthu.
Phula ankanunkha ngati lapsa kumene,
thukuta linajambula mapu pa msana wa malaya ake.
Njira yonse ankayankhula yekha chapansipansi,
ine chamumtima: kaya ndi chamba, kaya ndi katapila.

Pa khomo anandidinda sitampa pa mkono.
Mabenchi obwereka ku sukulu,
ana atalendewera m'mawindo ngati mileme,
wa mafilizesi akutiponda zala za kumapazi.
Folo koloko inasanduka sikisi koloko, palibe anadabwa.
Katani inali nsalu ziwiri za pabedi zosokerera,
ina ya maluwa, ina yoyera kale.

Itatseguka,
panali nkhalamba pa mpando wothyoka mwendo,
jekete yakuda, mutu uli mbuu ndi choko.
Mwana wake anapita ku Joni zaka zisanu ndi zinayi zapitazo.
Tsiku ndi tsiku imatchajitsa foni kwa aneba
kuopa kuti angaimbe itathima.
Tinaseka mmene inkapukutira foniyo ndi mpango,
mmene inkathamangira nayo pa chulu kusaka netiweki.

Basi magetsi phethi,
mawu ali pakamwa.
Malikhweru, mabenchi kukhukhuluzika,
wina kumbuyo anayamba kale kuitanitsa ndalama zake.
Nkhalamba sinasunthe.
Mu mdima muja inangoti, mosakweza mawu,
mwaonatu, ndiye aimba bwanji mwana wanga?

Chiseko chinayamba, koma chinafera m'njira.
Kutsogolo wina anayatsa tochi ya foni,
wina, winanso,
mpaka holo yonse tinakweza manja
kuunikira munthu mmodzi wodikira foni.

Mawu aja ndinawadziwa.
Nanenso ndachedwa.
Khosi loonda lija linali lomwelo mkati mwa jekete.

Ine mlongo wanga Yotamu anakwera basi pa depoti pomwepa,
anati Khirisimasi ikubwerayi ndidzakhala nditafika.
Mayi anamwalira foni ili pansi pa pilo,
yodzadza moto.
Zimenezi sindinauzepo wa kabaza aliyense.
Mkono unatopa, ndinasinthira wina,
misozi ndinapukutira ku phewa
poti manja onse anali pa ntchito.

Mathero ake sindikuuzani,
mudzalipire nokha akadzabweranso.

Kunja ndinamupeza pa mpopi atawerama,
ukalamba ukutsika ndi madzi kulowa m'ngalande.
Jekete anaipinda bwinobwino nkuibwezera m'jumbo.
Anthu ankamudutsa osamuzindikira,
akukambirana za nkhalamba ija.
Dzina lake akuti ndi Sumaili,
ndinamva mnzake akumuitana kuti adzanyamule mpando.

Anandiona. Mayi, tibwerere?
Ndinafunsa mtengo.
Anatchula wotsika uja, wa masana,
ndipo manyazi anandigwira ngati chitedze.
Ndinakwera osayankha.

Titadutsa njanji anayambanso kuyankhula yekha.
Ndinagwiritsa chitsulo cha mpando,
nkusendeza khutu pafupi ndi msana wake.